Failo Yachinsinsi ya Mwamuna Wanga

1

Dzina langa ndine Thokozire, Nambewe wa ku Ntchisi, koma mano ndinamerera ku Kawale. Nkhani iyi anthu akwathu kuno amaikamba m'maminibasi ndi pampopi, aliyense kuthiramo mchere wake, mpaka ena akuti ndinamangidwa. Sindinamangidwe ayi. Khalani pansi ndikuuzeni ndekha.

Linali Loweruka masana m'chaka cha 1995, ine ndili pakhonde kusita malaya oyera oti mwamuna wanga akavale kutchalitchi. Ndinangomva munthu akuimba chokweza kumsewu, agalu a aneba n'kumamuyankha. Anali iyeyo, Lumbani Chavula, akuvina malipenga a kwawo ku Rumphi, kabuku kali m'manja ngati mbendera.

"Nambewe! Mayi a Kumbu! Taleka zimenezo udzaone ufulu!"

"Mwamwa chiyani dzuwa likuswa mtengo chonchi, bambo a Kumbu?"

"Ndamwa malamulo!" anatero akutsegula kabuku kaja. "Malamulo atsopano oyendetsera dziko. Tamvera gawo 37. Akuti munthu aliyense ali ndi ufulu woona zimene boma likusunga, ngati akuzifuna poteteza ufulu wake. Wamva, Thoko? Failo yanga ija! Lolemba ndikukaiitanitsa!"

Simbi ya makala ndinaiiwala pamalaya. Pomwe fungo limandipeza, pamsana pa malayawo panali patajambulika kale chilemba chakuda.

"Apse!" anaseka Lumbani. "Lero ngakhale denga litasasuka ine ndivina basi."

Kuti mumvetse chimene chinandiumitsa manja, ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Ine ndi Lumbani tinkagwira ntchito mu unduna umodzi ku Capital Hill, dzina lake sinditchula. Iye ankajambula mapulani a nyumba, ine ndinali kalaliki wa ku kaundula, kumene makalata onse amafikira ndi kusungidwa. Mu 1990 anasankhidwa kuti akaphunzire uinjiniya ku Scotland kwa zaka zitatu. Sutikesi anagula, jekete lamphepo anabwereka, kwawo anakatsanzika. Bwenzi lake, namwino wina dzina lake Jacqueline, linali litatsogola kale komweko. Chinatsala ndi kalata yomuitana basi.

Kalatayo sinafike m'manja mwake. Atadikira mpaka kutopa anakafunsa kwa a Peterson, mkulu wathu wa ku kaundula. Iwo anatsegula buku la manambala a mafailo, nkhope inasintha, anakatseka chitseko n'kunong'ona.

"Mwana wanga, dzina lako lili pafailo yofiira, yachinsinsi. Usadzafunsenso ngati ukufuna kumaliona dzuwa."

Masiku amenewo, a chipani chimodzi, mawu otero ankakwana.

2

Kuyambira tsiku limenelo Lumbani anasanduka wakhate. Akakhala pabenchi kukantini, anzake ankanyamula mbale zawo n'kusamuka. Mlongo wake weniweni, Keziah wa ku Area 25, anatha chaka chathunthu osaponda pakhomo pake. Jacqueline anadikira, analemba makalata, kenaka anakwatiwa ndi wina komweko. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankakhala naye pabenchi paja n'kumamugawira mbatata yootcha. Munthuyo ndinali ine. Mu 1991 tinadalitsa ukwati, chaka chotsatira n'kubadwa Kumbukani.

Ndiye kunabwera matipate. Nyali itapambana pa riferendamu, zinthu zinatembenuka ngati chitumbuwa m'mafuta. Omwe ankamuthawa aja anayamba kumukumbatira pamsewu. Akondakitala ankamusungira mpando wakutsogolo. Pamaliro ankamupempha kuti anenepo mawu, paukwati chimodzimodzi. Ndipo paliponse, akatsiriza kufotokoza mmene boma linkamuopera, ankandiloza ndi chipewa.

"Dziko lonse linandithawa, abale anga, koma mkazi uyu sanachite mantha!"

Anthu ankaomba m'manja, ine n'kumayang'ana zala zanga zakumapazi.

Lolemba lija kalata yoitanitsa failo anandipatsa ine kuti ndiitaipe. Ndinaitaipa, ndipo ndinakaipereka ndekha kwa a Peterson, amene anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti apume pantchito. Anaiwerenga kawiri n'kupukuta dazi ndi mpango.

"Mayi, amuna anuwa akufuna kundiphetsa ndikuona kwathu. Ine failo imeneyi sindinaitsegulepo. Kaya muli chiyani, kaya muli mayina a ndani."

"Bwana," ndinatero motsitsa mawu, "kodi lamulo lakale lija la zinsinsi za boma linachotsedwa?"

"Ayi, likadalipo."

"Nanga lumbiro lathu losunga chinsinsi?"

"Nalonso lilipo."

"Ndiye bwanji osangoyankha kuti nkhaniyi ikukhudza chitetezo cha dziko?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, mukukaniza amuna anu omwe?"

"Ndikuwateteza, bwana. Zina munthu ukazidziwa sumadyanso."

A Peterson anaimirira n'kundigwira chanza ndi manja awiri, akuti akazi anzeru ngati ine anatha kalekale. Yankho lokana ndinalitaipanso ndine, pataipilaita yomweyo, ndipo ndinatuluka mu ofesimo mtima ukuvina chimtali. Ndinkati nkhani yathera pomwepo.

3

Ndinalemba m'madzi. Lumbani atatsegula envulopu ija anadumpha mpaka kugunda mutu pafelemu la chitseko.

"Chitetezo cha dziko! Thoko, waona? Ine, mwana wa mphunzitsi wa ku Bolero, maboma awiri akundiopa! Lakale linandiopa, latsopano nalo likunjenjemera!"

Kalatayo anaiika m'galasi n'kuipachika pabalaza, pamwamba pa chithunzi chathu chaukwati. Alendo akabwera ankawawerengera kaye asanawapatse mpando.

Lamulungu tikuweruka kutchalitchi kunafika Keziah, nthungululu kuyambira pageti. Za chaka chija anatha osamuyendera mlongo wake anali ataiwaliratu.

"Chiuta wane! Alamu, inu munakwatiwa ndi mkango!" Anandikumbatira mpaka duku langa kugwa. Kenaka anakhala pansi, anavula nsapato, nkhope n'kuuma. "Koma funso ndi limodzi. Failo siidzilemba yokha. Kazitape wake anali ndani?"

Anayamba kutchula anthu mmodzimmodzi, mpaka anakaima pa Enerst, mnzake wa Lumbani wa paubwana, wowotcherera zitsulo ku Biwi. Chifukwa chake? Akuti Enerst anali ndi msuweni wapolisi, ndipo ndi amene anamuperekeza Lumbani kukagula sutikesi.

"Ankadziwa mwezi, ankadziwa ndege. Nsanje basi!"

"Alamu, tisamusemere chinyau munthu wosalakwa," ndinatero.

"Inu ndinu ofatsa kwambiri, alamu. Zisiyeni m'manja mwanga."

Pakamwa pa Keziah ndi wailesi yosatha mabatire. Sabata isanathe Biwi yense anali atamva. Anthu anakatenga mageti ndi mafelemu awo osamalizidwa n'kupita nawo kwina. Wina analemba ndi makala pachitseko cha shedi yake, zilembo zikuluzikulu, KAZITAPE. Lachisanu masana Enerst anandipeza ndekha ndikuanula zovala. Anali m'ovolosi yake, maso ali psuu, koma osati chifukwa cha moto wowotcherera.

"Alamu, ine ndi Lumbani tinkafunda bulangete limodzi kusekondale. Lero ana anga anzawo akuwaimba nyimbo kusukulu. Mumuuze asatope, failoyo itsegulidwe, dziko lione kuti dzina langa mulibe."

Ndinamupatsa madzi akumwa. Mawu anafika pakhosi penipeni, ndinawameza.

Masiku amenewo nyuzipepala zinali mbwee, zina zobadwa Lolemba n'kufa Lachisanu. Ina inaika chithunzi cha Lumbani patsamba loyamba, atanyamula kalata yake ya m'galasi ngati chikho cha mpira. Mawa lake kunabwera loya wina wamkazi wa ku bungwe lomenyera ufulu wa anthu, n'kunena kuti nkhaniyi aitengera kukhoti mwaulere. Lumbani ankanenepa ndi chimwemwe, ine ndinkaonda. Amayi a pampopi anagwirizana kuti ndili ndi pakati, ndipo anayamba kundibweretsera malambe.

4

Kukhoti loya wa boma anaimirira atakonza tayi, n'kutchula mawu oti "chitetezo cha dziko" kasanu ndi kawiri. Ndinkawerenga ndi zala, mtima ukuti onjezani, bwana, onjezani. Woweruza anali mkulu waimvi, wamagalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Anamvetsera mpaka loyayo anakhala pansi.

"Mawu amenewo ndawamva," anatero. "Zilipodi zinsinsi zoti zitaululika dziko lingavulale, ndipo zotero bwalo lino lizilemekeza. Koma mawuwa si chithumwa choti ukangochitchula pakamwa pa aliyense patsekeke. Ndione kaye ndi maso anga. Failoyo ibwere Lachinayi, ndikaiwerenge ndekha m'chipinda changa. Ngati muli za asilikali ndi zida, ndiitseka ndi manja angawa. Ngati mulibe, mwini dzina aitenga."

Lumbani anandifinya dzanja mosangalala.

Kuyambira mu 1992 mafailo onse ofiira ankasungidwa m'chipinda cha chitseko chachitsulo, kiyi wake ali pachingwe m'khosi mwa a Peterson. Ine ndinali ndisanalowemo chitsekereni. Lachinayi m'mawa ndinadzipereka kuti ndikawathandize kufunafuna. Tinaipeza pashelefu yapamwamba, fumbi lokhalokha, yonenepa ngati Baibulo la paguwa, yomangidwa ndi chingwe mopingasa.

"Mayo ine!" anatero a Peterson akuiyesa kulemera. "Munthu mmodzi failo yonseyi? Amuna anuwa ankafuna kulanda boma kapena?"

"Bweretsani ndikupukutireni, bwana."

"Ayi, zikomo."

"Ndikunyamulireni mpaka kugalimoto. Msana wanu uja."

"Mayi, failo iyi ichoka m'manja mwanga kukalowa m'manja mwa woweruza. Ngakhale ntchentche isaterepo."

M'chikwama changa ndinali nditakonzeratu failo ina yofiira, yodzaza ndi mapepala akale oitanitsira matsache ndi sopo. Ndinkangofuna mphindi imodzi yokha kuti ndisinthanitse. Ndiye ndinachita zomwe ndinkaziona m'masewero a achinyamata kutchalitchi. Ndinagwira pamphumi, ndinati "bwana, chizungulire," n'kudzigwetsa pansi mosamala kuti ndisathyole dzino. Ndinkayembekeza kuti aika failo patebulo n'kuthamangira madzi.

A Peterson anagwada n'kuyamba kundikupiza ndi failo yomweyo, uku akukuwa kuitana anthu. Fumbi la zaka zitatu linathera m'mphuno mwanga. Ndinayetsemula katatu, ine wokomoka. Failo sanaisiye ngakhale ndi chala chimodzi.

5

Pabwalo la khoti panali ngati paukwati. Keziah anabwera ndi amayi anzake a kutchalitchi minibasi yathunthu, a ku Kawale nawo anali atadzadza, ndi mtolankhani wa nyuzipepala ija ali ndi kamera pakhosi. Enerst anaima yekha patali, pansi pa mtengo.

Woweruza anakhala m'chipinda chake ola lathunthu. Potuluka maso ake anali onyowa, akupukuta magalasi, mapewa akugwedezeka ngati munthu wa chifuwa.

"Ndawerenga tsamba lililonse," anatero atakhazika mawu pansi. "Dziko la Malawi likhoza kupuma bwinobwino. Umu mulibe chilichonse chokhudza chitetezo chake. Bambo Chavula, failo yanu nayi. Koma ndikulangizeni ngati kholo. Mukawerengere kunyumba, mutakhala pansi, chitseko chili chotseka." Kenaka anamwaza maso m'khotimo. "Mayi akunyumba abwera?"

Ndinabisala kumbuyo kwa duku la Keziah.

Titatuluka ndinamukoka Lumbani jekete. "Bambo a Kumbu, tiyeni kunyumba. Mwawamva akuluakulu aja."

"Zobisabisa zinatha, Thoko! Anthu awa ayenda nane ulendo wonsewu, amve nawo."

"Ndikukupemphani, m'dzina la mwana wathu."

"Usaope, mkazi wanga. Sangatichitenso kanthu."

Anakwera pasitepe yapamwamba, anadula chingwe ndi mano, n'kutsegula. Tsamba loyamba linali kalata ya ku Scotland, ya mwezi wa March 1990, yoyera ngati yabwera dzulo.

"Nayi!" Mawu ake anasweka. "Kalata yanga. Inafika, abale anga. Inafika!"

Amayi anabuula, ena kupukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Lumbani anatembenuza tsamba.

"Tsopano tamverani zomwe analemba akazitape!" Anakweza mawu ngati mlaliki. "'Munthu uyu asachoke m'dziko muno.'"

"Mwamva!" anakuwa Keziah. "Afiti!"

"'Akachoka ine ndifa.'"

Lumbani anachita tsinya, anabweretsa pepala pafupi ndi maso n'kupitiriza, mawu akutsika.

"'Lero wavala malaya abuluu ndipo wandipatsa moni kawiri pamasitepe. Ngakhale dzina langa sakulidziwa.'"

Kumbuyo wina anatsamwa ndi phwete. Lumbani anatembenuzanso tsamba.

"'Lero wadya mbatata yanga.'"

Anasiyira pomwepo. Anayang'anitsitsa zilembo zija, zopendekera kumanzere, zomwe ankaziona tsiku ndi tsiku pachikuto cha buku lathu la nyimbo ndi pakhadi la kusikelo la mwana wake. Anadzutsa mutu pang'onopang'ono, maso ake n'kundipeza pakati pa gulu lonselo.

"Nambewe?"

Kukomoka kwenikweni ndinakufuna, koma sikunabwere.

"Ndine," ndinatero. "Boma lija ndine, bambo a Kumbu."

6

Mu 1990 muja ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ndinali nditamukonda mnyamata wa mapulani uja miyezi isanu ndi itatu, iye osadziwa n'komwe kuti ku kaundula kuli munthu wopuma. Kalata ya ku Scotland inafikira patebulo langa Lachiwiri m'mawa. Tsiku limenelo mkulu wosunga chidindo chachinsinsi anali atapita kumaliro, dirowa yake n'kuisiya yosakhoma. Ndinatenga chikuto chofiira chatsopano, ndinadinda, ndinalemba dzina la Lumbani, nambala ndinaika m'buku, kalata n'kuilowetsa m'kati.

Ndinkati ndiibisa sabata imodzi yokha, ndingomuonako pang'ono asanapite. Koma a Peterson ataona nambala ija anaganiza kuti lamulo lachokera kumwamba. Akumwambawo atamva anaganiza kuti lachokera kumwamba kwawo. Palibe anafunsa mnzake, poti wofunsa ndiye ankayamba kusowa. Sabata itatha ndinaopa kuulula, poti kusewera ndi chidindo chimenecho kunali kudzikumbira manda. Ndipo nditaona kuti m'Malawi monse mulibe malo otetezeka kuposa failo yofiira, ndinaisandutsa mosungira zakumtima kwanga. Zaka ziwiri ndinkalembamo, tsamba pa tsamba, mpaka tsiku lomwe anaitsekera kuchipinda chachitsulo. Ikamanenepa, anthu n'kumamuopa Lumbani kwambiri.

Zonsezi ndinazinena pomwepo, pamasitepe a khoti, ndikulira ngati mwana. Ndisanamalize n'komwe gulu linaphulika. Ena anakhala pansi atagwira nthiti. Mtolankhani analephera kujambula chifukwa manja ankagwedezeka. A Peterson anavula chipewa n'kukhala pasitepe, akungobwereza kuti, "Mbatata. Zaka zisanu ndikuopa mbatata." Keziah anamasula chitenje n'kuchimanga m'chiuno.

"Ndigwireni! Ndigwireni ndingaphe munthu!"

Panalibe womugwira, onse anali atafooka ndi kuseka.

Enerst anachoka pamtengo paja, anadutsa pakati pa anthu mpaka pamaso pa mnzake. "Dzina langa lilimo?"

Lumbani anapukusa mutu. "Mulibe, m'bale wanga. Ndikhululukire."

Iye yekha ndi amene sanaseke. Anatseka failo, anaipana m'khwapa, n'kundilankhula ndi ulemu umene anali asanandipatsepo chikwatirane, ulemu wozizira ngati wa mlendo.

"Mayi, pitani kunyumba. Mwana akukudikirani."

Anakwera minibasi ya ku Area 25 pamodzi ndi mlongo wake.

Ntchito yanga inatha sabata yomweyo, ndipo sindikudandaula, ndinaiputa ndekha. Loweruka ndinanyamula ndowa ndi burashi kupita ku Biwi. Ndinagwada pamaso pa Enerst, amakanika ndi ogulitsa matayala onse akuonerera, n'kupepesa. Kenaka ndinatsuka mawu aja pachitseko chake mpaka thabwa linayera. Enerst anati zatha. Mkazi wake sanandiyankhe moni, anangoima atapinda manja mpaka ndinamaliza, ndipo mpaka lero tikakumana kumsika amayang'ana kumbali. Sindimuimba mlandu.

7

Masabata atatu anadutsa. Ku Kawale ndinali nditapatsidwa dzina latsopano. Ndikamapita kukatunga madzi ndinkangomva, "Mwadzuka bwanji a Boma?" Wogulitsa mbatata pamsika ankandiitana chokweza kuti ndidzasankhe yoopsa kwambiri. Ndinkaseka nawo, ndikafika kunyumba n'kulira.

Lachitatu lina masana ndinangoona Lumbani walowa pageti, failo ili m'khwapa. Kumbukani anamuthamangira n'kumukwera. M'nyumba sanalowe, anakhala pakhonde. Ine ndinakhala pansi chapatali.

"Ndaiwerenga yonse," anatero. "Kasanu."

"Ndikhululukireni, bambo a Kumbu."

"Za Jacqueline ndi madzi opita, ali ndi banja lake. Za sukulu zikundipweteka, ndipo zindipweteka nthawi yaitali. Bambo anga anamwalira akuganiza kuti mwana wawo tsiku lina adzatengedwa ndi apolisi. Zimenezo sindingakunamize kuti ndaiwala." Anaika failo pamiyendo pake. "Koma chomwe chinandinyazitsa, Thoko, n'chakuti zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti sunachite mantha. Ukanaopa bwanji galu woti unamujambula wekha pakhoma?"

Koma ndinamva kuti wanditchula Thoko, ndipo mtima unayamba kugunda.

"Masabata awiri ndinakwiya osadya bwino," anapitiriza. "Sabata yachitatu ndinkangowerenga. Dzulo Keziah wandipeza ndikumwetulira ndekha kuseri kwa nyumba, ndiye wandithamangitsa, akuti m'nyumba mwake simugona zitsiru." Anatsegula failo. "Apa unalemba kuti mphuno yanga ndi yokongola. Limeneli ndi bodza, ndipo ngakhale woweruza uja analiona. Zinazi ndazikhulupirira."

Ndinaseka misozi ili chuchuchu. Ndinkati ndimukumbatire, koma anakweza dzanja n'kutulutsa mapepala ena m'thumba la jekete.

"Sindinamalize. Loya uja wandipezera mafomu a sukulu yomwe ija. Ndikufunsiranso malo. Akanditenga ndipita, zaka zitatu, iwe utsala kuno ndi mwana. Mafomuwa utaipa ndiwe. Ukaponyanso ndiwe ku positi ofesi ya ku Old Town. Sindikuperekeza, ndipo sindituma munthu wokuzonda."

Ndinabwereka taipilaita kwa mlembi wa mpingo, ndinataipa osalakwitsa ngakhale chilembo chimodzi. M'mawa mwake ndinayenda wapansi kuchokera ku Kawale. Pamlatho wa Lilongwe ndinaima, envulopu ili m'manja, ndikuyang'ana madzi akuyenda pansipo. Sindikunamizani, owerenga, Satana anandinong'oneza ndithu, ndipo mawu ake anali okoma. Mayi wina wosenza dengu la tomato anandigunda phewa n'kundikalipira kuti mlatho si wa agogo anga. Ndinadzidzimuka, ndinawoloka, ndinamata masitampa, envulopu n'kuiponya m'bokosi. Ndinaimva ikugwera pansi, phaa, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha ngati mwana wa sitandade wanu.

Anamutenga. Ananyamuka mu September 1996. Kubwalo la ndege ndinalira mpaka Keziah, amene anali atalumbira kuti sadzandilankhulanso, anandibwereka mpango wake n'kundiuza kuti ndikuchititsa manyazi mtundu wa a Chavula.

Tsono inu owerenga, ndakuuzani zonsezi osati kuti mundimvere chisoni. Mukapita ku ofesi iliyonse n'kuuzidwa kuti zimene mukufunazo n'zokhudza chitetezo cha dziko, mwina ndi zoona, zilipo zotero. Koma musabwerere pomwepo. Pemphani kuti wina wosakondera atsegule aone, chifukwa nthawi zina wotetezedwayo si dziko, ndi munthu mmodzi wamantha amene wakhala kuseri kwa tebulo. Ine ndikudziwa, ndinakhalapo kuseri kwa tebulo limenelo, ndipo munthu wosalakwa anatsala pang'ono kusowa chodyetsa ana ake chifukwa cha ine.

Kwa atsikana anzanga ndingoti, mwamuna womupeza mwakuba umagona naye m'nyumba imodzi koma mtima uli panja kulondera. Pano Lumbani ali kutali, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, kumene sindingamuone wavala chiyani kapena wapatsa moni ndani. Amalemba masabata awiri alionse, kudandaula za kuzizira ndi kufunsa ngati Kumbukani wayamba kuwerenga. Chaka chamawa akubwera. Palibe womukakamiza, palibe womutsekera njira, akubwera yekha ndi miyendo yake, ndipo ine sindinayambe ndakhalapo wokwatiwa ngati mmene ndilili lero.